Vanishi wafundula pakhonde la matabwa, ndikagule zida ziti?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Amisiri ndithandizeni. Pamalo athu ogona alendo tili ndi khonde la matabwa lomangidwa pamwamba pa miyala, loyang'ana kunyanja, mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Matabwa ake ndi a paini a ku Chikangawa. Chaka chatha mu Ogasiti tinalipaka vanishi wonyezimira uja, linkawala ngati kauntala ya ku banki. Dzinja langodutsa limodzi, pano vanishiyo akufundula ngati njoka, pena pada bii, pena patuwa. Alendo akayenda opanda nsapato tizidutswa tikumawakanirira kumapazi. Loweruka ndikupita ku Mzuzu. Mnyamata amene amatithandiza akuti tigule makina opopera penti, ati ntchito itha tsiku limodzi. Ndigule?

Mmisiri Wakale, Ndirande: Mayi, makinawo asiyeni kaye m'sitolo momwemo. Ndiyambe ndafunsa. Munapaka pamwamba pokha kapena ndi kunsi komwe? Nanga kumapeto kwa matabwa, kumene kunadutsa sowo?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Pamwamba pokha madala. Kunsiko angalowe ndani, kuli miyala ndi abuluzi.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Basi, mlandu wagona pomwepo. Vanishi salowa m'thabwa, amangoyala pamwamba ngati pepala la pulasitiki. Pomwe thabwa limapuma: likanyowa limafufuma, likauma limabwerera, ndipo paini ndiye mfumu ya khalidwe limeneli. Dzuwa likang'amba kamng'alu kamodzi madzi alowa. Chinyezi cha kunsi nacho chimakwera kudzera m'thabwa n'kupeza pamwamba potseka, ndiye chimangomukankha vanishi uja. Vanishi ndi wa kabati, bedi, tebulo la pabalaza. Pakhonde loti likupondedwa, kuwombedwa ndi dzuwa komanso kuvumbwa pamafunika mafuta olowa m'kati mwa thabwa. Amenewo akatha mphamvu amangofwifwa, mumatsuka n'kupakanso, osasupula chilichonse. Koma musanafike pamenepo vanishi wakaleyo achoke yense. Ndalama zanu zipite ku zochotsera, zopakira n'zotchipa.

Wapenti ku Hout Bay: Madala anena zoona. Ine kuno ku Cape Town ntchito yanga ndi yomweyi, chaka ndi chaka makhonde a azungu. Masiku atatu ndimakhala ndikukwecha, kupaka kumangonditengera m'mawa umodzi. Achemwali, choyamba pezani sanda yamagetsi, ija yozungulira monjenjemera yokhala ndi kathumba ka fumbi. Ngati kugula kwavuta kabwerekeni kwa akalipentala. Sandipepa mugule wa 60 ndi wa 80, wambiri ndithu, chifukwa vanishi wakale amamata pasandipepa, mumasintha pafupipafupi. Muwonjeze chopalira chachitsulo cha pamene vanishi wakhuthala, kapanchi kokhomera mitu ya misomali kuti ilowe pansi pang'ono, ndi hamala. Mukaiwala kukhomera misomali sandipepa azing'ambika mphindi iliyonse.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Manambalawo akutanthauza chiyani achimwene? Ine ndimangoti ndipatseni sandipepa.

Wapenti ku Hout Bay: Nambala ikachepa ndiye kuti ndi wokhakhala. 60 amadya, 80 amasalaza pang'ono. Pakhonde lekezani pa 80, mwina 100 pazogwirira m'mbali pamene pamadutsa manja. Musapite ku 180 kapena 220 ngati mukupanga tebulo. Thabwa likasalala kwambiri timabowo take timatsekeka, mafuta salowa bwino, komanso kukanyowa pamaterera.

Abanda a ku Chembe: Zonsezi n'zotaya nthawi. Tengani gilayinda, mangani disiki ya sandipepa, pofika masana mwamaliza. Kenako oyilo wakutha wa galimoto kusakaniza ndi dizilo, pakani. Chiswe sichiyandikira, madzi salowa. Ine khola la mbuzi ndinapaka choncho mpaka lero lili nji.

Wophunzira ku Mzuzu Tech: Kkkkk amalume, alendo a mayiwa si mbuzi.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Abanda, gilayinda pa paini? Chimene chija chimathamanga mopitirira, dzanja likangopendeka pang'ono chakumba kale. Pamatsala timiyezi timiyezi thabwa lonse. Poyamba simuona, koma mukangopaka mafuta a mtundu, chipsera chilichonse chimatuluka poyera ngati mphini. Ndinazionapo pachitseko cha mlombwa, mwini wake anatsala pang'ono kulira.

Anaphiri ku Leeds: Za oyilo wakuthazo ndiye ayi ndithu. Oyilo wa injini sauma, dzuwa likatentha amatuluka thukuta. Mlendo akhale pansi ndi kabudula woyera muone mlandu wake. Komanso muli zitsulo ndi zoipa zina za mu injini, mvula ikagwa zonse zitsikira m'nyanja momwe ana akusambamo. Inu Abanda muli ku Chembe, m'kati mwenimweni mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pamndandanda wake mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Ndiye mukhale inu woyamba kuzithirira dizilo?

Abanda a ku Chembe: Khola langa lili kutali ndi nyanja achemwali, musandimangitse. Koma pa nsanamira zokwiriridwa pansi ndiye simundiuza kanthu, pamafunika chinthu chakuda.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Pa nsanamira ndi mitanda ya kunsi alipo mankhwala ake, ambiri timangoti Solignum. Kumeneko pakani ndithu. Koma osati pamwamba popondapo anthu, fungo lake mlendo sangadyere nsima.

Wophunzira ku Mzuzu Tech: Ine ndibwerere ku makina opopera aja, chifukwa mwawaweruza osawamva. Pazogwirira za m'mbali zokhala ndi timitengo tambirimbiri, kupopera kumafulumira kwambiri ndipo kumafika m'makona movuta burashi. Kungoti pambuyo pa wopopera pazibwera wina ndi burashi kulowetsa mafutawo m'thabwa asanaume. Mukangopopera n'kusiya, mafuta amangokhala pamwamba ngati mame.

Wapenti ku Hout Bay: Ndiye mwaona mphwanga, burashi ikufunikabe. Khonde la masikweya mita 24 mugulire makina? Pomatsuka makinawo ndi thinala wina wamaliza kale kupaka. Ndipo mphepo bwanji? Ine chaka changa choyamba kuno bwana anandipatsa chopopera, mphepo ya kuno ija yochokera kum'mwera chakum'mawa inangoti kwee, mafuta onse pa galimoto ya neba. Malipiro a sabata yonse anathera kopukutitsa galimoto. Kwa achemwaliwa nyengo ino ndi ya mwera. Theka la chitini lipita kwa usipa.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Mwera ndiye wayamba kale, masana nyanja ikumachita thovu. Chabwino makina ndawasiya. Nanga rola? Msana wanga si wa dzana.

Wapenti ku Hout Bay: Rola imathandiza kuyala msanga, koma ili ndi matenda awiri. Imasiya mafuta ochuluka pena ndi pena, ndipo silowa m'mipata ya pakati pa matabwa. Chimene ndimachita ine ndi ichi: burashi yaikulu yokhuthala ya mamilimita 100, ndimaimangirira kumtengo wa mopu kuti ndizipaka chiimire. Zina zimabwera ndi bowo lopotera mtengo, zina mumangomanga ndi mphira wa chubu. Kenako kaburashi ka mamilimita 50 ka m'mipata, m'makona ndi kumapeto kwa matabwa. Ngati mafuta anu ndi osungunulira ndi tapentaini, gulani burashi ya ubweya weniweni. Ngati ndi aja otsukira ndi madzi, gulani ya nayiloni, chifukwa ubweya weniweni ukamwa madzi umalefuka ngati chingwe. Musanalipire ikokeni ubweya ndi zala. Ukathothoka m'sitolo momwemo, dziwani kuti wotsalawo muzikautola pakhonde.

Anaphiri ku Leeds: Kuno amagulitsanso kachinthu kafulati kokhala ndi nsalu yofewa kunsi, kamamangidwa kumtengo, mumangokoka ngati mukukolopa. Pamatabwa osalala kamagwira bwino. Koma makhonde ambiri a kuno matabwa ake ndi a mizeremizere, ndiye sikafika pansi pa mizereyo, ndimabwereranso ku burashi. Vuto lathu kuno si dzuwa, dzuwalo tilione kuti. Ndi ndere. Ikafika Novembala khonde limabiriwira, kuterera ngati therere. Ndinagwapo nditanyamula zochapa, wiki yonse ndikuyenda chopendama kuntchito.

Wophunzira ku Mzuzu Tech: Pepani anti. Simunayese makina otsukira ndi madzi amphamvu aja a kokwechera magalimoto?

Anaphiri ku Leeds: Ndinabwereka kwa neba. Amachotsa ndere bwino, koma ndinayandikitsa kwambiri, thabwa linatuluka ubweya ngati bulangete, ndi mizere ya pamene ndinaima. Paini ndi wofewa. Ngati mugwiritsa ntchito, ikani kamlomo kotambasula madzi, mutalikire pafupifupi utali wa rula ya kusukulu, muzitsata mmene thabwa lagonera, osaima malo amodzi. Panopa ndimangotenga burashi yolimba ya nayiloni ndi ndowa.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Mwatchula nayiloni, mwachita bwino. Burashi ya waya pakhonde ayi. Imasiya tizitsulo tosaoneka ndi maso, mvula ikagwa timachita dzimbiri, khonde lonse madonthomadontho akuda. Mayi, paja munati pena pada bii. Kudako kuli pozungulira misomali kapena paliponse?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Konse kuwiri. Pamisomali pali tizizungulire takuda, ndipo cha kukona kumene kuli mthunzi wa mtengo kwada ngati mwaye.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Ndiye ndi matenda awiri. Cha kukonako ndi chuku. Jik wosungunula m'madzi amachipha, mukwecheko ndi burashi, kenako mutsukuluze ndi madzi ambiri. Pamisomalipo ndi dzimbiri, Jik sachotsa.

Wapenti ku Hout Bay: Za dzimbirizo mankhwala ake ndi oxalic acid, ndi amene amakhala m'zotsukira matabwa zambiri. Amabwezeretsanso mtundu wa thabwa lotuwa. Koma chonde, chonde, musasakanize ndi Jik, ngakhale kuthira pamalo pamene Jik sanatsukuluzike. Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine, umapweteka m'mapapo. Tsiku lina ichi, tsiku lina icho. Magolovesi ndi magalasi muvale. Ndipo poti kunsi kwanu ndi nyanja, yalani pepala lakuda la pulasitiki lija kunsi kwa khonde, madzi otsukira muwakokere kumtunda. Misomali imene yadyeka kwambiri izuleni, muike masikuluwu osachita dzimbiri.

Adimini: Abanda, zithunzi za mbuzi zogulitsa ndachotsa. Gulu lino ndi la zomangamanga.

Abanda a ku Chembe: Ndimaonetsa khola bwana, mbuzizo zinangolowerera.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Kkkk. Tsono mafutawo ndigule ochuluka bwanji, ndipo a mtundu wanji? Ine ndimafuna oyera oti thabwa lizioneka mmene lilili.

Wapenti ku Hout Bay: Oyera mbee amakongola mwezi woyamba, koma chimene chimatchinga dzuwa ndi mtundu umene uli m'mafutamo. Opanda mtundu thabwa limatuwa msanga. Tengani ofiirira pang'ono. Osati oderapo kwambiri, chifukwa mu Okutobala khonde lakuda silipondeka opanda nsapato. Kuno timagwiritsa ntchito kwambiri Woodoc ndi Rystix, koma dzina si nkhani, werengani pachitini. Palembedwe kuti ndi a panja, a matabwa opondapo, olowa m'thabwa. Za kuchuluka, chitini chilichonse chimanena malo amene lita imodzi imakwana. Tiyerekeze chalemba masikweya mita 10 pa lita. Inu muli ndi 24, ndiye koti imodzi ndi malita awiri ndi theka, makoti atatu ndi 7 ndi kanthu. Paini wongokwechedwa kumene amamwa ngati wachokera ku maliro, koti yoyamba idya koposa pamenepo. Muwerengerenso zogwirira ndi masitepe. Zitini zikakhala ziwiri zisakanizeni m'ndowa imodzi kuti mtundu ufanane, ndipo muzitakasa ndi kamtengo pafupipafupi chifukwa mtundu umakhazikika pansi.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Chida chimene palibe wachitchula ndi nsanza. Matisheti akale a thonje, osathothoka ulusi. Mukapaka, dikirani mphindi zimene chitini chanena, kenako pukutani onse amene sanalowe. Anthu amaona ngati kupukuta n'kutaya ndalama, amasiya mafuta ali chithaphwi kuti ateteze kwambiri. Mawa lake pamanata ngati ulimbo, mchenga ndi nyerere zonse pomwepo, ndipo pakhoza kutha milungu osauma. Pakaninso matabwa awiri kapena atatu kuchokera uku mpaka uko osalekeza pakati. Mukaima pakati pa thabwa kuti mukamwe tiyi, polumikizira padzaoneka mpaka kalekale. Yambirani kunyanja muzibwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo, musadzitsekere kukona.

Wophunzira ku Mzuzu Tech: Nsanzazo mukamaliza musaziunjike. Mafuta okhala ndi linseed akamauma amatulutsa kutentha, nsanza zikakhala mulu kutenthako kumasowa kothawira, zimatha kuyaka zokha popanda machesi. Ziyanikeni chotambasula pamwala imodziimodzi, kapena zivikeni m'chitini cha madzi.

Abanda a ku Chembe: Nsanza kuyaka yokha? Kwathu zimenezo timati kuli munthu.

Wapenti ku Hout Bay: Kulibe munthu amalume, n'zoona zimenezo, pazitini zambiri amachenjeza. Ndipo malo ogona a kunyanja ambiri ndi ofolera ndi udzu, ganizani. China, achemwali, funsani amene anakugulitsani matabwa ngati anali onyikidwa m'mankhwala. Ngati mukakwecha akuoneka obiriwira pang'ono, akhoza kukhala onyikidwa m'mankhwala otchedwa CCA, ndipo mmenemo muli poizoni wa arsenic. Fumbi lake si lopuma, zidutswa zake si zokolezera moto wa kanyenya. Olo asakhale amenewo, masiki ya fumbi muvale, fumbi la vanishi nalo si ndiwo.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Anali oyera wamba, tinagula pamsika wa matabwa. Funso lomaliza, ndikatsuka ndidikire masiku angati? Kuno mvula imachedwa kusiya, mwezi wathawu imagwabe.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Masiku awiri kapena atatu a dzuwa, kukona kwa mthunziko onjezerani. Kuti mudziwe ngati vanishi wachokadi, donthezani timadzi pang'ono malo angapo. Tikalowa n'kudetsa thabwa, pali bwino. Tikakhala timipira pamwamba, bwererani ndi sandipepa. Nthawi yopaka ndi m'mawa mame atauma, kapena dzuwa litapendeka. Thabwa likatentha loti dzanja silikhalapo, mafuta amauma pamwamba asanalowe.

Abanda a ku Chembe: Chimodzi chokha chimene akumtunda ndi akunjawa sangakuuzeni: samalani nkhungu.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Nkhungu ndi ya kuno ku Blantyre nthawi ya chiperoni, kunyanja nkhungu yatani?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Kkkk madala, akunena tizilombo touluka tija. Timatuluka m'nyanja ngati utsi, makamaka mwezi ukakhala mumdima. Mphepo ikatikankhira kumtunda timadzaza paliponse, usiku timathamangira magetsi. Abanda mwandikumbutsa, ndiyang'ana kaye mwezi, ndipo usiku wake magetsi a pakhonde ndizimitsa.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Ndaphunzira. Zaka zonsezi ndimadziwa nkhungu ya pa Soche yokha.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Ndabweranso abale, papita masabata awiri ndi theka. Sanda ndinagula, kubwereka kunakanika chifukwa mwini wake amafuna azibwera nayo yekha n'kumalipidwa patsiku. Kukwecha kunatitengera masiku asanu, awiri mwa amenewo magetsi kunalibe, tinakulunga sandipepa pakathabwa n'kumakwecha pamanja, mawondo anga akudziwa. Sandipepa wa 60 anatha kawiri. Titachotsa vanishi tinapeza matabwa atatu a kutsogolo ofumbwa kumapeto, chala chimalowa. Ndi aja ankamenyedwa ndi mafunde madzi atakwera mu 2024. Tasintha. Mafuta analowa malita 9, kumapeto kwa matabwa kumangomwa osakhuta. Mtundu watuluka ngati uchi. Burashi ya kumtengo wa mopu ija, achimwene a ku Hout Bay, Mulungu akudalitseni. Koma pali pawiri pandivuta. Pamfundo za paini pakutuluka utomoni dzuwa likakwera. Ndipo koti yachitatu cha kusitepe mnyamata uja sanapukute, pakunata mpaka lero.

Wapenti ku Hout Bay: Ponatapo nyowetsani nsanza ndi tapentaini, pukutani mwamphamvu, musiye paume. Pakakanika pitanipo mopepuka ndi 80 n'kupaka kochepa kwambiri. Utomoniwo ulekeni uume, muupale ndi chopalira m'mawa kukadali kozizira, umathetheka wokha. Uzituluka ndithu chilimwe choyambachi. Chaka chamawa mvula ikatha musakwechenso, kungotsuka, kuumitsa, koti imodzi. Burashi mwatsuka?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Ndatsuka ndi tapentaini kenako sopo, ndaipachika pamsomali ubweya uli pansi.

Mmisiri Wakale, Ndirande: Nanga kunsi kwa abuluzi kuja?

NyaChirwa, Nkhata Bay: Madala musandiyalutse pagulu. Matabwa atatu atsopanowo tinawapaka mbali zonse tisanakhome. Enawo tikudikira mwera uchepe, mafunde akumafika pamiyala.

Abanda a ku Chembe: Mayi, sandayo poti yamaliza ntchito, simungaikweze Ilala? Ndikailandira ku Monkey Bay. Pali benchi ya pasitolo ndikufuna ndiyese zanuzi.

NyaChirwa, Nkhata Bay: Ndiikweza, koma sandipepa mugule wanu. Ndipo ikabwerako ikununkha dizilo tidzaonana kwa amfumu.